Lachiwiri Lililonse, Teni Koloko

Lolemba, 5 Juni

Tsiku loyamba kuntchito chiikireni Zebedee m'manda ku Chintheche. Masabata atatu. Nkhungu mpaka cha m'ma teni. Ndavala juzi yake yabulawuni, manja ndapinda kawiri.

Aliyense "phepani chomene, mama," mutu atapendeketsa. Ndinawerenga anthu khumi ndi anayi ndisanafike ndi pamakwerero pomwe. Pachitseko cha ofesi yake dzina achotsa kale, patsala timabowo tinayi. Yunivesite yomwe inatha zaka ziwiri ikukonza chimbudzi cha azimayi yachotsa dzina la mwamuna wanga m'masabata atatu. Tikutukuka ndithu.

A Foster, mkulu wa dipatimenti, anandiitana. Pemphero kaye, kenako fayilo. Ophunzira a Zebedee awagawana kale ngati malaya a malemu. Watsala mmodzi yemwe palibe wamufuna: Frackson wa ku Mchengautuwa, wa digiri yachiwiri. "Inu mumamudziwa, mama, ankabwera kunyumba kwanu." Sankabwera. Ankaima pageti, kupereka mapepala kwa Zebedee, ine osandipatsa moni, n'kubwerera.

Nthawi yake ikutha pa 30 Juni. Chaka chachinayi, kuwonjezera kulibenso. Akapanda kuima pamaso pa omuyesa mwezi uno n'kuteteza kafukufuku wake, difensi ija, zaka zinayi zalowa m'madzi.

Ndavomera. Si chifundo ayi. Ndikufuna ndimufunse chifukwa chake sanabwere kumaliro. Basi ya yunivesite inadzaza. Ngakhale mlonda uja ankakangana ndi Zebedee za malo oimika galimoto anakwera. Frackson ayi.

Lachiwiri, 6 Juni

Teni koloko yeniyeni, kugogoda katatu. Munthu wamkulu, zaka makumi atatu ndi chimodzi, malaya omanga mabatani mpaka pakhosi. Mpando wa alendo anauchotsa patsogolo pa desiki n'kuuika pambali panga, kuyang'ana pawindo. Ngati tili m'minibasi. Foni patebulo. "Ndijambule mawu?" Ndinakana. "Ndiye theka ndiiwala. Munthu akamalankhula ndimagwira mawu oyamba ndi omaliza, apakati amathawa."

Pepani ngakhale mmodzi. Mawu ake achiwiri: "Tsamba 112 a Dokotala sanalione."

Funso langa sindinafunse. Munthu woyang'ana pawindo umamufunsira pati? Ndatenga buku lake lonse kunyumba ndi cholembera chofiira. Ndikufuna zolakwa.

Lachinayi, 8 Juni

Cholembera chofiira chagwira ntchito kasanu m'masamba 180. Kawiri ndinalakwitsa ndine.

Mbiri ya Mchengautuwa kuchokera pakamwa pa nkhalamba makumi anayi ndi zitatu. Anayamba kumanga ndani, madzi ankatunga kuti, malata oyamba anafolera ndani. Agogo awiri akatsutsana za chaka, iye sasankha wolankhula bwino. Amayenda mpaka atapeza wachitatu, kapena kaundula wa ubatizo wodyedwa ndi chiswe. Pali tsamba lina la mayi wofotokoza mmene anasamukira kanayi m'tauni imodzi, nthawi zonse chifukwa tauniyo yamupeza. Ndinasiya kaye kuwerenga. Zebedee akanandiwerengera mokweza tili patebulo, ine n'kumuuza kuti adye kaye.

Esme, mlembi wathu, wandiuza za mu Malichi, zomwe Zebedee anangoti "sizinayende bwino." Difensi yoyeserera. Holo yaikulu ija, pafupi ndi nyumba yosanja yomwe akumanga, makina osakaniza simenti akubangula. Aphunzitsi khumi ndi mmodzi, atatu kufunsa nthawi imodzi. A Foster n'kuti, "Young man, tiyang'ane kumaso tikamalankhula nawe." Frackson anatseka makutu ndi manja, kugwedezeka pampando, kenako anatuluka. Wapansi mpaka ku Mchengautuwa. M'maminitsi analemba kuti ndi wamwano.

Esme akuti kalata ya dokotala ilipo mufayilo kuyambira chaka choyamba. Otizimu. Ubongo wogwira ntchito mwa njira yake: phokoso limamupweteka ngati moto, maso a anthu amamusokoneza. Kalatayo inadindidwa bwinobwino kuti yalandiridwa. Kuwerengedwa, imeneyo ndi dipatimenti ina.

Zebedee anati akonza. Mu Epulo anagonekedwa m'chipatala.

Loweruka, 10 Juni

Mlamu wanga Elizabeth akadali nane kuno ku Chibanja. Akuti sachoka mpaka nditayamba kumaliza chakudya cha m'mbale. Ndamuuza za Frackson. "Wosabwera kumaliro kwa mphunzitsi wake? Musiyeni, alamu, adzadzinyamula yekha kupita kumanda." Ndinagwirizana naye ndi mtima wonse kwa mphindi ngati khumi.

Galimoto ili pomwe anaisiya, pansi pa mpeyala. Ndinalowa kukafuna makiyi a stoo. M'kabokosi ka kutsogolo, timakadi tambiri tomanga ndi mphira. Kulemba kwa Zebedee. Funso limodzi pakadi iliyonse, kuseri yankho la Frackson m'zilembo zing'onozing'ono. Ndiye n'zimene ankachita Lachiwiri lililonse kuseri kwa laibulale. Ine ndinkati amuna anga amakonda galimoto kuposa anthu. Ukwati uliwonse, tisanadule ndi keke yomwe, iwo ali kale m'galimoto, magalasi atseka. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikupepesa kwa eni ukwati.

Madzulo onse kuwerenga za otizimu pafoni. Ndawerenga ndakatulo za akufa a mayiko khumi, ndaphunzitsa ana a anthu kulowa mumtima mwa munthu wa m'buku. Za munthu woima pageti panga ndayamba lero.

Lachiwiri, 13 Juni

Ndamulola kujambula. Mpando ndinauika ndekha pambali asanafike. Anauyang'ana, n'kuusunthanso pang'ono. Ndinalakwitsa ndi chikhatho chimodzi.

Ndinalemba pakadi, monga ankachitira mwini wake: Chifukwa chiyani sunabwere kumaliro?

Anaiwerenga. Kunja wina akukhoma malata. Sanalembe, anayankha pakamwa, maso pawindo. "Pamaliro pamakhala kulira kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Pamaliro a adada ndinagwa pansi n'kutseka makutu. Anthu anasiya kulira adada, anayamba kuyang'ana ine, ena kundipempherera. Sindinafune kuti a Dokotala alandidwe maliro awo."

Kenako: "Tsiku limenelo ndinakonza mutu wachisanu. Ananena kuti uthe pofika pa 16 Meyi."

Zebedee tinamuika m'manda pa 16 Meyi.

Ndinamuuza kuti tsamba 112 lili bwino. Linalidi bwino. Atatuluka ndinakiya chitseko.

Lachinayi, 15 Juni

Ndapereka kalata kwa a Foster. Zinthu zitatu basi. Chipinda chaching'ono kutali ndi omanga. Mafunso olemba, limodzilimodzi, ndi kamphindi koganiza. Asamukakamize kuyang'ana anthu kumaso. Mafunsowo akhale ovuta mmene angafunire, sindinapemphe kuti amuchepetsere kalikonse.

Anawerenga atakhala pansi pa chinsalu chija cha msonkhano wa chaka chatha, cholembedwa kuti Pasakhale Wotsalira. Malaya a msonkhanowo amawavala Lachisanu lililonse. Amawakhala bwino.

"Mama, tikachitira mmodzi, mawa aliyense adzafuna kudifenda ali chogona." Ndinati amene ali ndi kalata ya dokotala yoti azigona tidzamuganizira. Sanaseke. Anatsegula buku la malamulo, tsamba lopinda kale. Pempho lotere limachokera kwa mlangizi woyamba wa wophunzira, tsiku la difensi lisanaikidwe. Tsiku linaikidwa mu Epulo, 28 Juni, m'holo. Mlangizi woyamba sanalembe kanthu. Komiti ikumana Lachinayi likudzali, koma "musayembekezere zambiri."

Ndikutuluka, ndi mawu otsitsa: "Komanso mama, mukudzivutitsa chifukwa cha munthu amene sanabwere n'komwe. Anthu zinawakhudza chomene."

Zinawakhudza. Wamasiye ndine, koma okwiya ndi iwo. Andithandiza kunyamula.

Lamulungu, 18 Juni

Kutchalitchi sindinapite. Amayi a Umanyano abwera masana, nyimbo zitatu, pemphero lalitali. Ndi anthu abwino. Ndimangolakalaka atakhala pambali panga n'kuyang'ana pawindo.

Atapita ndafufuza paliponse. Madirowa, matumba a majekete, Baibulo, kompyuta. Mwina analemba n'kuiwala kupereka. Ndapeza makalata awiri oyamikira omwe sanatumize, fomu ya tchuthi ya zaka zinayi zapitazo yosasaina, ndi pepala limodzi: "Wokondedwa Foster," basi. Pansi pake anajambula nsomba.

Zebedee iwe. Unkadziwa chaka chomwe mlatho uliwonse wa kumpoto kuno unamangidwa, koma kalata ya mizere isanu inakukanika. Ndakukwiyira lero ngati uli moyo. Zinandikomera pang'ono.

Lachiwiri, 20 Juni

Ndamuuza Frackson zoona, mosazungulira, poti kuzungulira sakumva. Palibe kalata, ndiye mwina ndi m'holo momwemo. "M'holo sindingathe." Sanadandaule. Ananena ngati akunena chaka chomwe msika unasamuka.

Kenako: "Koma ananena. Pa 14 Malichi, mphindi ya makumi awiri ndi ziwiri."

Sindinamve msanga. Anatulutsa kaenvulopu, m'kati kamemori kochepa ngati chikhadabo. Lachiwiri lililonse kwa zaka zinayi, kupatula tchuthi ndi matenda. Zina zinafufutika foni itagwa m'madzi. Zotsala, maola makumi asanu ndi limodzi kudza limodzi. Mawu a Zebedee.

Ine ndilibe ngakhale mphindi imodzi. Mauthenga a mawu sankawakonda, ankalemba "ok." Pavidiyo ya ukwati wa mwana wa Elizabeth akuoneka msana wokha, akupita kugalimoto.

"Ndakopera ziwiri. Iyi ndi yanu. Sindinadziwe chopereka pamaliro."

Ndinati yewo. Mawu ena onse a m'mabuku anga sanabwere kuntchito lero.

Lachitatu, 21 Juni

Sindinamvetsere. Kaenvulopu kali m'thumba la juzi, ndimangokakhudza.

Elizabeth akuti munthu akagona asiyidwe agone, mawu ake asamayendetsedwe m'maofesi. Mwina akunena zoona. Ndi zathu, za m'nyumba. Kukamumva koyamba pamaso pa a Foster ndi mabisiketi awo? Koma ndikakamumva ndekha lero, mawa sindidzuka. Ndikudzidziwa.

Holo, kapena ine kulira pamaso pa komiti. Kulira ndazolowera.

Esme waika gawolo pafoni yanga, wandionetsa pokanikiza. Iyenso sanamvetsere, akuti amaopa.

Lachinayi, 22 Juni

Komiti, anthu asanu ndi awiri. Nkhani yathu inali yachisanu ndi chinayi, pambuyo pa mtundu wa makatani a nyumba yatsopano. Makatani anatenga mphindi makumi anayi. Abuluu apambana.

A Foster anawerenga lamulo lija, mwachisoni chachikulu. Ndinati mlangizi woyamba anapempha, mu Malichi, tsiku lisanaikidwe, ndipo ali pano kuti anene yekha. Wina anagwetsa supuni. Ndinaika foni pakati pa tebulo.

Kutsokomola kaye. Kuja kwa kawiri, kwachiwiri kokweza. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Frackson, zija za m'holo sizichitikanso. Ndikupempha chipinda chaching'ono, mafunso pamakadi, ndipo uziyang'ana komwe ukufuna. Ndimulembera Foster sabata ino."

Apa ndinayenera kuzimitsa. Chala sichinamvere.

"Adzayamba wakana. Foster chinthu chopanda fomu sachikhulupirira, ngakhale mkazi wake anamufunsira ndi ajenda. Koma si munthu woipa. Ku sekondale tinkagona chipinda chimodzi, tayi ndinamuphunzitsa kumanga ndine. Amangoopa kulakwitsa. Ndikamuuza ine, adzachita."

Kenako mawu a Frackson: "Ajenda inali ndi mfundo zingati?" Ndi kuseka kwa Zebedee. Kuseka konse, mpaka kutsokomolanso.

Zii. Ndi makina a simenti omwe ngati anamva. Mayi wina wa zachipembedzo anali ataphimba kukamwa ndi fayilo, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kulira. Mkulu wina wa zinenero, yemwenso ndi mkulu wa mpingo, anavula magalasi n'kuti, "Abale, zimene malemu ananena sititsutsa. Ine dzanja langa silingaime pa zimenezo." Palibe dzanja lomwe linaima.

A Foster anamina nthawi yaitali. Anagwira tayi wawo. Kenako anafunsa Esme kuti pempho la pakamwa la munthu womwalira lilembedwe pansi pa mutu uti. Anagwirizana kuti Makalata Olandiridwa.

Munthu wamoyo, wokhala ndi kalata ya dokotala, zaka zinayi osamveka. Wakufa, ndi chifuwa chake, mphindi zinayi. Mwambo womwewo umene unamuweruza Frackson ndi umene wamutsegulira chitseko. Ndikanakhala wolemba mapepala a misonkhano bwenzi nditapeza mutu.

Ndinapirira mpaka kuchimbudzi. Chija anakonza zaka ziwiri. Chitseko chake chimakiyika bwino, ndiyamikire.

Lachitatu, 28 Juni

Kachipinda ka kuseri kwa laibulale, kosungiramo mamapu. Mipando isanu pamzere umodzi, yonse kuyang'ana pawindo. Anthu akuluakulu a madigiri awo kuyang'anitsitsa thanki ya madzi kwa maola awiri. Woyesa wochokera ku Zomba anafunsa ngati ndi mwambo wa kuno. A Foster anati ndi njira yatsopano yomwe dipatimenti yakhala ikuiganizira kwa nthawi yaitali.

Makadi khumi ndi asanu ndi anayi. Sanamunyengerere, ndipo ndinakondwa. Pakadi yachisanu ndi chiwiri anaganiza nthawi yaitali. A Foster anatsegula pakamwa, n'kutsekanso okha. Ndinaona. Kenako Frackson anayankha kwa mphindi zisanu ndi imodzi, mayina, zaka, ndi chifukwa chake mboni ziwiri zinanama mofanana. Wa ku Zomba anaiwala mwambo, anatembenuka kumuyang'ana, n'kubwezanso maso kuthanki mwamsanga ngati wagwidwa akuba.

Pakadi yomaliza Frackson anauza wa ku Zomba uja kuti funsolo lili ndi chaka cholakwika. Linalidi nacho.

Wakhoza. Zokonza zing'onozing'ono, masabata awiri.

A Foster anatambasula dzanja. Frackson analiyang'ana, n'kuligwira ndi nsonga za zala, kamodzi. "Yewo. Simunali munthu woipa." A Foster anati yewo nawonso. Akanati chiyani?

Amayi a Frackson anali pageti chiyambire m'mawa, dengu la tomato lili pansi, anakana kulowa. Esme atawakodola kuti zatheka, anaimba nthungululu ataphimba pakamwa ndi chitenje. Yapansipansi, yosamveka kutsidya kwa msewu. Sindinaonepo nthungululu yotero. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akuiphunzira.

Lachisanu, 30 Juni

A Foster akufuna msonkhano wa masiku atatu wofotokozera mayunivesite ena njira yathu. Chinsalu chatsopano, malaya atsopano. Andipempha ndikalankhule. Ndati ndilankhula lamulo lija likasinthidwa, kuti wotsatira asadzafunike mlangizi wakufa. Alemba. Akuti lipita kukomiti.

Esme akuti mufayilo muli makalata ena awiri a madokotala, odindidwa bwino. Mtsikana wa chaka chachiwiri amene zilembo zimamusokonekera, ndi wina. Ndati awabweretse Lolemba.

Ndamaliza chakudya cha m'mbale. Elizabeth waona, ndipo madzulo anafunsa za basi ya ku Nkhata Bay.

Lachiwiri, 4 Julayi

Teni koloko. Kuntchito ndanena kuti ndichedwa. M'galimoto, pansi pa mpeyala, mpando wa Frackson. Wa woyendetsa sindinaukhudze. Ola loyamba, la zaka zinayi zapitazo.

Zambiri ndi za kalembedwe ka maumboni. Amalankhula pang'onopang'ono kuposa mmene ankalankhulira ndi ine. Chakumapeto Frackson akufunsa chifukwa chake akumanira m'galimoto. Zebedee akuti, "Muno ndi mwa phee. Inenso phokoso limandilasa m'mutu, maukwati makamaka. Akazi anga amati ndine wonyada. Sindinapeze mawu owauzira. Iwe uli ndi kalata, ife a kale tinalibe, tinkangotchedwa amwano."

Wonyada. Ndinanenadi. Pa ukwati wa ku Katoto ndinanena pamaso pa anthu, ndipo iye anangoyatsa galimoto.

Elizabeth anagogoda pagalasi, akuti tiyi wazizira. Ndinamulowetsa kumbuyo n'kumubwezera pomwepo. Anamvetsera chikwama chake chili pamiyendo. Uja ankati akufa asiyidwe agone. Kenako anati, "Ali mwana, ng'oma zikayamba, tinkakamupeza m'munda wa chinangwa atatseka makutu. Adada ankamukwapula." Sanandiuzepo. Akuti sindinafunse.

Atsala maola makumi asanu ndi limodzi. Limodzi pa sabata, Lachiwiri, teni koloko, andifikitsa Ogasiti wa chaka chamawa. Ndalonjeza kuti sindipitirira ola, ndisamumalize msanga.

Basi ya Elizabeth yamusiya. Akuti ndibwezenso paja Zebedee akuseka. Aka n'kachinayi, ndipo magalasi tatseka.